Helios 44-2, Super-Takumar ndi Tamron 500mm: malenzi akale atatu pa ntchito yojambula ku Chipata

Helios 44-2 ya ku Soviet Union, Super-Takumar ya ku Japan ndi Tamron SP 500mm f/8 ndi malenzi amene anatuluka koyamba zaka zoposa 40 zapitazo. Ndi achitsulo ndi galasi basi, mulibe mota, mulibe waya. Fokasi mumapotokola nokha, kuwala kolowa mumakupima nokha. Onse atatu amatulutsa zithunzi zimene lenzi ya 18-55mm yobwera ndi kamera singatulutse, koma si onse oyenera ndalama zanu. Takumar ndiyo yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Helios imadziwa chithunzi cha mtundu umodzi wokha, ndipo pamenepo imachita bwino zedi. Tamron ndi ya munthu wodekha amene akufuna kufika patali popanda kusenza katundu wolemera. Musanasankhe iliyonse, yang'anani kaye kamera imene muli nayo, chifukwa ndalama zambiri zimatayikira pa adaputa yolakwika, kachitsulo kolumikiza lenzi ndi kamera.

Kamera yanu ilandira lenzi iti

Lenzi iliyonse inapangidwa kuti ikhale pa mtunda wakutiwakuti kuchokera pa filimu kapena sensa, mbali yolandira chithunzi m'kamera. Helios ndi Takumar ndi za mazinga a M42, zolowa mochita kupotokola, ndipo mtunda wake ndi mamilimita 45.46. Pa Canon EF, monga 600D, 700D kapena 2000D, mtunda ndi mamilimita 44. Kusiyanako kumadzazidwa ndi kamphete kachitsulo kosakwana milimita imodzi ndi theka, kopanda galasi, choncho chithunzi sichikhudzidwa. Pa makamera a mirrorless, opanda galasi lotembenuka m'kati, malo ndi ambiri: Sony E ndi mamilimita 18, Fujifilm X ndi 17.7, Micro Four Thirds ndi 19.25. Adaputa yake ndi chubu chabe, ndipo pafupifupi lenzi iliyonse yakale imakhalapo.

Vuto lili kwa a Nikon DSLR, makamera okhala ndi galasi lotembenuka m'kati. Mtunda wa Nikon F ndi mamilimita 46.5, kuposa wa M42, ndiye lenzi imakhala kutali ndi sensa kuposa pamene iyenera kukhala. Ndi adaputa yopanda galasi, Helios imafokasa mpaka mamita awiri kapena atatu, kupitirira apo chilichonse ndi mbuu. Adaputa yokhala ndi kagalasi m'kati imabweza fokasi yakutali, koma kagalasi kotchipako kamafewetsa chithunzi, makamaka pa f/2, lenzi itatseguka kwathunthu, pamene mwagulira lenziyo. Ngati muli ndi D3200 kapena D5300, siyani za M42, funani Nikkor zakale za AI kapena AI-S monga 105mm f/2.5, zimene zimalowa popanda adaputa. Dziwani kuti pa D3000 ndi D5000 ndi abale ake kamera sipima kuwala ndi malenzi amenewa: mumaika pa M (manual), kujambula, kuyang'ana histogram yosonyeza kuchuluka kwa kuwala, kukonza. D7000, D7100 ndi D7200 zimapima mukalembetsa lenziyo mu menyu ya Non-CPU lens data. Chenjezo lomweli lipite kwa a Canon DSLR amene aona lenzi yakale ya Canon FD yotchipa n'kuganiza kuti poti dzina ndi limodzi ilowa. FD ndi mamilimita 42, Minolta MD ndi 43.5, zonse n'zochepera 44, choncho pa EF zimafuna adaputa ya kagalasi. Pa mirrorless zimagwira bwinobwino.

Mukamanga lenzi kamera n'kukana kujambula, siinawonongeke, ikungoganiza kuti palibe lenzi. Pa Sony tsegulani Release w/o Lens, pa Fujifilm Shoot Without Lens. Ngati kamerayo ili ndi choletsa kugwedera m'kati, lembani nokha kutalika kwa lenzi, 58 kapena 55 kapena 500. Mukasiya nambala ya lenzi ina, choletsacho chimawonjezera kugwedera m'malo mokuchepetsa.

Helios 44-2 58mm f/2

Imeneyi inkabwera ndi makamera a Zenit, ndipo anatengera kapangidwe ka Biotar 58mm f/2 ya Carl Zeiss: magalasi 6 m'magulu 4. Inapangidwa m'mafakitale atatu, KMZ ku Krasnogorsk, wina ku Valdai ndi wina ku Minsk, ndipo anapanga zochuluka kwambiri moti mpaka lero sizisowa. Fyuluta yake ndi ya mamilimita 49, imafokasa kuyambira theka la mita, timasamba ta aperture, kabowo kolowera kuwala, ndi 8.

Anthu amaigulira chinthu chimodzi, chimene ndi kuzungulira kwa zakumbuyo. Pa f/2, timadontho ta kuwala tapakati pa chithunzi timakhala tozungulira, koma tam'mbali timaphwatalala chifukwa thupi la lenzi limadula mbali ina ya kuwala kobwera chopendekera. Timadontho tophwatalalato timandanda mozungulira pakati, ndiye munthu amene mwamujambula amaoneka kuti masamba akumuzungulira. Izi sizibwera zokha. Aperture ikhale pa f/2 penipeni, munthu aime mamita awiri kapena atatu kuchokera pa inu, pakati pa chithunzi, ndipo kumbuyo kwake, mamita asanu kapena kuposa, kukhale chinthu chothothomoka kuwala. Mtengo wa mango dzuwa likulowera m'masamba cha m'ma 16 koloko ndiye malo ake. Khoma la njerwa kapena nsalu ya mu studio sizitulutsa kanthu. Mukatsitsa kufika f/4 kuzungulirako kumatha, mumatsala ndi lenzi wamba yabwino.

Ambiri amakhumudwa pa nkhani ya sensa. Kuzungulira kuli m'mbali mwa chithunzi, ndipo sensa yaing'ono ya APS-C imadula m'mbali momwemo. Pa Canon 700D lenziyi imaona ngati ya mamilimita 93, pa Sony a6000 ngati 87. Nkhope zimatuluka bwino, koma kuzungulira kumatsala kochepa. Zithunzi zambiri zimene mumaona pa intaneti n'zojambulidwa ndi sensa yaikulu ya full frame. Pa mirrorless ya APS-C mutha kubweza mbali yaikulu ya zimenezi ndi adaputa yotchedwa focal reducer ya 0.71x kapena 0.72x, koma mtengo wake nthawi zambiri umaposa wa lenzi yeniyeniyo. Pa Canon 5D ndi 6D, ma Helios ena kumbuyo kwake kumagunda galasi lotembenuka la kamera mukafokasa kutali kwenikweni. Mukamva kuti gu n'kuona mdima, bwezani fokasi pafupi, galasilo litsika lokha, musakakamize.

Kutsogolo kuli mphete ziwiri za aperture, ndipo zimasokoneza aliyense poyamba. Yodumphadumpha ndi yoikira malire, mwachitsanzo f/4. Yosalala ndi yotsekera ndi kutsegulira pakati pa f/2 ndi malire amenewo. Kagwiritsidwe kake n'kotere: ikani malire, tsegulani yosalala mpaka kumapeto kuti muone bwino, fokasani, kenako itembenuzeni mpaka iime, jambulani. Manambala amaoneka ngati alembedwa chobwerera, choncho masiku oyamba muziyang'ana kutsogolo kwa lenzi kuti muone ngati timasamba tatseka. Kwa ojambula mavidiyo mphete yosalalayi ndi phindu, chifukwa mumachepetsa kuwala pang'onopang'ono popanda kudumpha.

Zofooka zake si zobisika. Pa f/2 pakati pokha ndi pamene pali shapu, m'makona n'mofewa, ndiye chithunzi cha gulu la akwati ndi operekeza awo chimatuluka a kumapeto nkhope zosaoneka bwino. Dzuwa likangolowa kutsogolo, chithunzi chonse chimayera mbuu, mitundu n'kufooka, chifukwa utoto woteteza pa magalasi ake ndi wakale. Hood ya mamilimita 49, yotchinga dzuwa kutsogolo kwa lenzi, njofunika, ngakhale dzanja lotchinga pamwamba limathandiza. Komanso pa f/2, munthu ali pa mamita awiri, malo okhala mu fokasi ndi masentimita pafupifupi 10 pa APS-C. Mkwatibwi akangoweramira kutsogolo pang'ono, diso latuluka, khutu ndi limene lili shapu. Pa DSLR musadalire diso lanu pa kagalasi koyang'anira. Gwiritsani ntchito Live View, yoonera pa sikirini, kulitsani ka 5 kapena ka 10, fokasani pa diso. Pa mirrorless focus peaking, yoika mtundu pa zimene zili mu fokasi, imathandiza koma imanama pa f/2, kukulitsa ndiye kodalirika. Zonsezi zimafuna munthu woima malo amodzi. Pa kitchen party, amayi akamalowa movina ndi mphatso, kapena pa Nc'wala ku Mtenguleni impi zikamaponda ngoma, Helios idzakubwezerani zithunzi zambiri zotayika. Kumeneko tengani ya autofocus.

Pali abale ake amene ogulitsa amangowatcha Helios onse. 44M ili ndi kabatani ka A ndi M, ikani pa M. 44M-4 ndi zotsatira zake zilibe kabataniko, zili ndi kapini kumbuyo kamene kayenera kukanikizidwa kuti aperture itseke. Zimenezi zimafuna adaputa yokhala ndi mlomo m'kati wokankha kapiniko, apo ayi mudzajambula pa f/2 mpaka kalekale. 44-2 ilibe kapini, adaputa iliyonse ya M42 imakwana.

Super-Takumar 55mm f/1.8 ndi 50mm f/1.4

Awa ndi a kampani ya Asahi, amene ankabwera ndi Pentax Spotmatic kuyambira 1964. Mukagwira Takumar mutangosiya Helios, kusiyana kumamveka m'zala: mphete ya fokasi imayenda mofewa, mofanana kuyambira pafupi mpaka kutali, yosagwedera. Ma Helios amasiyanasiyana, ina yabwino ina yolimba ngakhale zili za chaka chimodzi, pamene ma Takumar ambiri amafanana. 55mm f/1.8 imafokasa kuyambira masentimita 45, fyuluta ndi ya 49, ndipo pofika f/2.8 imakhala shapu mokwanira kujambula munthu wa graduation ndi gauni yake, pa f/5.6 mpaka m'makona. Zakumbuyo zimasungunuka mosalala, popanda masewera. Kwa wojambula amene akufuna lenzi imodzi yakale ya nkhope, zakudya ndi katundu wa mu shopu woika pa Facebook, imeneyi ndiyo yogula, ndipo kawirikawiri ndi yotchipa kuposa 50mm f/1.4. Zolembedwa kuti Super-Multi-Coated kapena SMC, zimene zinayamba mu 1971, zimapirira dzuwa lakutsogolo bwino kwambiri. Pa zimenezi kabatani ka AUTO ndi MAN kamakhala kokhoma lenzi ikakhala payokha, kamamasuka ikamangidwa pa adaputa. Musakakankhe ndi mphamvu, mudzathyola.

50mm f/1.4 ili ndi nkhani yake. Zoyambirira zinali za magalasi 8, kenako anasintha kukhala 7, ndipo m'zimenezi galasi lina lakumbuyo lili ndi thorium, chinthu chotulutsa radiation. Pakapita zaka galasilo limasanduka lachikasu, limadya kuwala, ndipo diresi loyera limatuluka lofiirira. Ikani lenziyo pa pepala loyera, muona nokha. Mtundu umakonzeka ndi white balance, yosinthira mitundu pa kamera, ndipo chikasucho chimachepa mukaunika galasi lakumbuyo ndi nyali ya UV kwa masiku angapo. Ena amaiika padzuwa, koma dzuwa la Okutobala kuno limasungunula girisi n'kuitsitsira pa timasamba ta aperture, komanso lenzi yoloza dzuwa imatha kuyatsa chinthu chimene chili pansi pake. Mphamvu yochokera ku thorium ndi yochepa pa kagwiritsidwe ntchito wamba. Chosayenera n'kuswa kapena kupala galasilo.

Tamron SP 500mm f/8

Iyi ndi yapadera. M'malo mwa mzere wautali wa magalasi, kuwala kumagunda galasi lobweza kumbuyo, kubwerera kutsogolo pa kagalasi kena kapakati, kenako kupita ku sensa. N'chifukwa chake lenzi ya mamilimita 500 ikulemera magalamu pafupifupi 600 okha ndipo imalowa m'kachikwama. Mtundu wa 55B unatuluka mu 1979, wa 55BB mu 1983. Kumbuyo kwake ndi kwa Adaptall-2, kumene kumachoka, choncho mumagula mount, cholumikizira chake, yogwirizana ndi kamera yanu, ngakhale Nikon. Funsani wogulitsa ngati mount ilipo komanso ya kamera iti, chifukwa ambiri amagulitsa yopanda.

Aperture ndi f/8 yokha, siisintha, ndipo kagalasi kapakati kamatchinga kuwala kwina, ndiye zenizeni zake ndi yakuda kuposa f/8. Pa APS-C imaona ngati ya 750 kapena 800, choncho liwiro la shata lisatsike pansi pa 1/1000 ya sekondi ngati mwaigwira m'manja. Masana dzuwa lili phwee, ISO 400 mpaka 800 imakwana. Vuto n'lakuti ku South Luangwa nyama zimayenda m'mawa kwambiri ndi madzulo, nthawi imene mudzafunika ISO 1600 kapena 3200, ndipo kamera yakale pamenepo imadzaza timadontho. Kathumba ka nyemba kapena mpunga koika pa chitseko cha galimoto kamathandiza kuposa tripod, injini ikhale yozima. Pa mamita 20, malo okhala mu fokasi ndi theka la mita, ndiye mvuu zogona pamchenga, njovu yoima pamthunzi kapena nkhwazi yotera pa nthambi zimatheka, koma mbalame youluka iwalani. Kuwala kulikonse kwakumbuyo kumasanduka timphete tobowoka pakati. Pamadzi onyezimira a mtsinje wa Luangwa timakongola. Pa udzu wouma ndi nthambi timapangitsa chithunzi kukhala chosokonekera, mzere uliwonse kuoneka pawiri. Pa Kulamba ku Mkaika imakulolani kutenga tsatanetsatane wa zovala muli patali, osapingasa anthu, ngakhale kutalikira sikuchotsa udindo wofunsa eni mwambo ngati n'kololedwa kujambula Gule Wamkulu. Ngati kamera yanu ndi DSLR yaing'ono, kagalasi koyang'anira kamada kwambiri pa f/8 moti kufokasa n'kovuta. Pa mirrorless ndi pamene lenziyi imapindulitsa.

Poyang'ana musanalipire

Malenzi otere amapezeka m'njira zitatu: m'mabokosi a eni ma studio akale pamodzi ndi Zenit kapena Pentax yakufa, m'magulu ogulitsirana a pa Facebook, ambiri a ku Lusaka, ndi pa eBay. Kugula mukuiona m'manja ndiko kwabwino. Chotsani zotsekera zonse, tsegulani aperture, unikani tochi ya foni kuchokera kumbuyo mopendeketsa, inu mukuyang'ana kutsogolo, osaloza m'diso. Fumbi muliona ndithu, musadandaule nalo, ngakhale timathovu tating'ono m'galasi la Helios tilibe vuto. Choopsa ndi fangasi, timizere toyera totambalala ngati ukonde wa kangaude, kawirikawiri toyambira m'mphepete. Yaing'ono imachoka, koma yokhalitsa imadya utoto wa pagalasi n'kusiya chipsera. Chifunga chofanana paliponse m'kati chimapha mitundu ya chithunzi. Mitundu ya utawaleza m'mphepete ikutanthauza kuti magalasi omatidwa akulekana, imeneyo isiyeni. Kukalika pang'ono kutsogolo sikuoneka pa chithunzi, koma kwa galasi lakumbuyo kumaoneka.

Kenako tsekani ndi kutsegula aperture kangapo. Pa Helios 44-2 timasamba tonyezimira mafuta n'tofala ndipo timagwirabe ntchito popeza mumatiyendetsa ndi dzanja. Pa Takumar kapena Nikkor timasamba tiyenera kukhala touma, totseka msanga mukakankha kapini. Yang'anani mazinga a fyuluta: ngati apindika, lenziyo inagwapo. Ngati mukugula kutali, pemphani vidiyo ya tochi imeneyi ndi nambala ya lenziyo ikuoneka, ndipo musatumize ndalama zonse pa mobile money katundu asanakwere basi. Kugwirizana kuti wina wanu ku Lusaka akaione n'kotchipa kuposa kulira pambuyo. Za pa eBay werengerani mtengo wotumizira, wa amene akubweretserani ndi msonkho wa ZRA, bungwe la misonkho. Helios inakwera mtengo ojambula mavidiyo atayamba kuifuna, ndipo ngati lenzi, adaputa ndi zotumizira zikuyandikira mtengo wa Canon EF 50mm f/1.8 STM ya autofocus, amene amadyera kujambula maukwati atenge ya Canon.

Ikafika, iyeseni tsiku lomwelo. Matani nyuzipepala pakhoma, kamera pa tripod moyang'anana nayo ndendende, jambulani pa f/2, f/4 ndi f/8, yerekezani makona anayi. Onse kufewa mofanana n'chibadwa cha lenzi. Mbali imodzi yokha kufewa ndiye kuti galasi lina linakhala mopendekera, mwina wina anatsegula n'kubwezera molakwika. Tulukani panja mufokase pa phiri la Kanjala kapena lina lililonse lakutali. Ngati mphete yafika kumapeto phiri lisanakhale shapu, kawirikawiri wolakwa ndi adaputa yonenepa, osati lenzi. Yesani adaputa ina musanakangane ndi wogulitsa.

Kusunga

Mvula yathu, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndiyo imapha malenzi akale. Fangasi imakonda mdima, chinyezi ndi mpweya wosayenda, choncho kachikwama kachikopa kamene lenzi inabwera nako kasungeni kwina. Bokosi lapulasitiki lotseka bwino, la zakudya lija lokhala ndi labala pachivundikiro, timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi ndi kopimira chinyezi kakang'ono ndi zokwanira. Chinyezi chikhale pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Silica gel ikakhuta iumitseni mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 kwa ola limodzi kapena awiri. Mukabwera ku Nc'wala, imene imachitika kumapeto kwa Febuluwale mvula ili pakati, musatsekere lenzi yonyowa m'bokosi, iyambe yauma pamalo opita mphepo. Lenzi imene ili kale ndi fangasi ikhale payokha.

M'chilimwe mdani ndi fumbi. Malenzi awa alibe labala yotchinga, ndipo posintha lenzi kamera iyang'ane pansi, msana wanu ku mphepo. Popukuta yambani ndi kopopera mpweya, kenako kansalu ka microfibre kodonthezedwa mankhwala otsukira a isopropyl pang'ono. Malaya kapena chitenje chokhala ndi mchenga chimakala utoto wofewa wa magalasi akale, ndipo spirit yapepo ya ku pharmacy imasiya zotsalira. Helios ndi yosavuta kutsegula ngati muli ndi lens spanner, koma tulutsani galasi limodzi pa nthawi imodzi, lembani ndi pensulo m'mphepete mwake mbali yoyang'ana kutsogolo, ndipo jambulani ndi foni gawo lililonse. Mazinga a fokasi ali ndi polowera pangapo. Mukawalekanitsa osaika chizindikiro pamene atulukira, lenzi idzabwerera pamodzi koma fokasi yakutali idzasowa. Tamron ya 500mm musaitsegule n'komwe, chifukwa magalasi ake obweza kuwala akangosuntha pang'ono, kuwabwezera pamzere kumafuna zida zimene ambiri okonza makamera alibe.